Wakuba pa mng'oma amafunanji, nanga mlimi wa njuchi angatani?

Mng'oma wobedwa umaudziwa usanaufike. Pamtengo pamakhala zii, kulira kwa njuchi kuja kulibe, ndipo chimene chimakulonjera ndi fungo la udzu wopsa. Ndinaziona ndi maso m'mwezi wa November chaka china, nditaperekeza amalume kukayendera ming'oma yawo 14 imene anapachika m'mphepete mwa nkhalango, kuseri kwa phiri. Isanu ndi umodzi tinaipeza yotsegula. Zivindikiro zinali pansi, timitengo tomwe njuchi zimamangapo zisa tinali mbwee, ndipo pambali panali muuni wa udzu wopsa theka. Zisa za uchi zinapita. Zisa za ana anazitaya padothi, linthumbu litazikuta kale. Amalume anatola chisa chimodzi, n'kuchitembenuza, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, uchi akanangotenga, sindikanadandaula kwambiri. Koma ana awa awatayiranji?"

Funso limenelo ndilo limasonyeza kukula kwa mlanduwu. Munthu wosaweta njuchi amaganiza kuti chatayika ndi ndowa ya uchi basi. Mwini mng'oma amawerengera zina. Njuchi zimadya makilogalamu angapo a uchi kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula, choncho chisa chilichonse chophwanyidwa ndi ntchito ya masabata ambiri. Njuchi yantchito imatenga pafupifupi masabata atatu kuchokera pa dzira mpaka kutuluka m'chisa, ndipo nthawi ya maluwa imakhala ndi moyo masabata ochepa chabe. Ana akatayidwa, sipakhala zolowa m'malo mwa zomwe zikufa. Mfumukazi ikapsa ndi muuni, banja lonse latha. Ngakhale itapulumuka, njuchi zathu za kuno sizipirira chipongwe ngati za ku Ulaya: zikasokonezedwa kwambiri zimasamuka, n'kusiya bokosi lopanda kanthu. Mlimi amayambanso kudikira kuti gulu lina lidzalowe, mwina miyezi itatu, mwina chaka. Wakuba amadya usiku umodzi, mwini n'kuluza nyengo ziwiri.

Kuti munthu ateteze bwino ming'oma, ayambe wadziwa kuti amene akumuvutitsayo akufuna chiyani, chifukwa akuba a pa mng'oma si amtundu umodzi.

Wofala kwambiri kumidzi kuno ndi wofuna uchi. Amabwera usiku kapena m'bandakucha, nthawi imene zisa zakhwima, ali ndi chidebe ndi moto. Alibe chofukizira utsi chabwino kapena zovala zodzitetezera, ndiye amathamangitsa njuchi mwankhanza: amazitentha, kapena kuzifukiza ndi mapulasitiki ndi matayala, ndipo ena amafika pozipopera mankhwala ophera udzudzu. Uchi woterewu ukalowa m'botolo ndi poizoni kwa woudya. Muuni wotayidwa mothamangawo ndi umenenso umayatsa tchire m'miyezi yotentha, moto n'kupsereza ming'oma ina yomwe sanaikhudze n'komwe. Wina safuna uchi koma bokosilo, matabwa ake abwino, lata la pachivindikiro ndi waya wopachikira. Palinso wa njiru, yemwe satenga kanthu koma kugwetsa ndi kuphwanya, kawirikawiri chifukwa cha mkangano wa malire a munda, kapena chifukwa njuchi zinaluma mbuzi yake ndipo nkhaniyo sinakambidwe.

Musanaloze munthu chala, yang'anani bwino pamalopo, pakuti chiuli nachonso chimafula. Chiuli chimang'amba matabwa ndi zikhadabo ndi mano, chimasiya zokanda pabokosi, ndipo chimakonda kwambiri ana a njuchi. Munthu amachotsa chivindikiro, amasankha zisa za uchi, amasiya phulusa, ndipo waya amaudula bwinobwino kapena kuumasula. Mabanja ena amadana zaka zambiri chifukwa cha ntchito ya chiuli.

Mtundu wina wa wakuba ndi amene amanyamula mng'oma wonse, njuchi zili momwemo. Kumene umbava umenewu wakula zedi ndi ku California, m'dziko la America, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuimvetsa chifukwa ikuonetsa kumene zinthu zimalowera njuchi zikasanduka ndalama zambiri.

California imalima pafupifupi 80 peresenti ya amondi (mtedza wobereka m'mitengo) onse a padziko lapansi, m'minda yoposa maekala 1 miliyoni m'chigwa chotchedwa Central Valley. Mitengo ya amondi imachita maluwa mu February, kwa masabata ochepa okha, ndipo mitundu yambiri siibereka bwino popanda njuchi zonyamula mungu kuchoka pamtengo wina kupita pa wina. Ekala imodzi imafuna pafupifupi ming'oma iwiri. Njuchi za m'deralo sizikwanira, choncho ming'oma pafupifupi 2 miliyoni imasonkhana kumeneko, yambiri itayenda pa malole kuchokera kutali monga ku North Dakota, Montana, Texas ndi Florida. Mwini munda amabwereka njuchizo, ndipo m'zaka zaposachedwapa mtengo wake wakhala ukuzungulira pa madola 200 pa mng'oma umodzi. Apa ndiye pagona nkhani. Wakuba safunika kufula uchi kapena kusaka msika wake. Amangotenga ming'oma ya mnzake n'kukaibwereketsa kumunda wina ngati yake, ndalama n'kulandira.

Kabedwe kake n'kosavuta kwa munthu wodziwa ntchitoyi. Ming'oma imakhala inayi inayi pa mapaleti (timathandala ta matabwa tosanjikapo katundu), itatsitsidwa m'mbali mwa msewu kapena m'munda mopanda mpanda. Alimi enieni amasamutsa njuchi usiku, pamene zonse zili m'kati, pogwiritsa ntchito lole ndi forklift, kagalimoto kokwezera katundu wolemera. Wakuba amachitanso chimodzimodzi, atavala zovala zomwezo. Wodutsa pamsewu akaona magetsi m'munda usiku amangoti eni ake akugwira ntchito. Mu January 2017 mlimi wina wa ku Montana anapeza kuti ming'oma yake 488 imene anaipititsa ku California yasowa usiku umodzi. Patapita miyezi ingapo chaka chomwecho, apolisi anatulukira malo ena pafupi ndi mzinda wa Fresno pamene panali ming'oma yobedwa pafupifupi 2,500, ya mtengo woyandikira madola 1 miliyoni. Mabokosi ena anali atapentedwanso, mayina a eni ake atapalidwa, ziwalo za mabokosi osiyanasiyana zitasakanizidwa. Alimi amene anatha kuloza katundu wawo ndi aja omwe zizindikiro zawo zinali zovuta kufafaniza. Ku New Zealand nako kuba ming'oma kunakula pamene uchi wochokera ku maluwa a chitsamba chotchedwa manuka unakwera mtengo pamsika wa padziko lonse.

Chomwe chimandikhudza pa nkhani ya ku California n'chakuti wakubayo nthawi zambiri si mlendo pa njuchi. Munthu wamba amaopa kuyandikira mng'oma ngakhale masana. Amene amaunyamula usiku amadziwa kutseka khomo lake, amadziwa kumene ming'oma yaikidwa, ndipo amadziwa woigula. N'chimodzimodzi kwathu kuno. Amene anafula ming'oma ya amalume anasankha yolemera yokhayokha, n'kusiya ina imene njuchi zinali zitangolowa kumene. Anaikweza kaye n'kumva kulemera kwake. Munthu wotero ndi wapafupi, wodziwa njira ya kunkhalangoko ndiponso nyengo yofula. Zimapweteka kuvomereza, koma zimathandiza, chifukwa munthu wapafupi amakhala ndi abale, mfumu ndi mbiri yoti aiteteze.

Nanga tingatani? Ndiyambe ndi chomwe sichifuna ndalama koma chimaposa zina zonse, chomwe ndi kufula pa nthawi yake. Wakuba wa uchi amadalira kuchedwa kwa mwini. M'madera a nkhalango za mitengo ya mombo ndi tsamba, uchi wambiri umakhwima chakumapeto kwa chaka, mvula ikamayandikira, ndipo kwina umabweranso pang'ono dzinja likatha. Nthawi imeneyo alimi ambiri amakhala kalikiliki kusosa ndi kubzala, n'kumati ku ming'oma tidzapita sabata ya mawa. Sabata ya mawayo ndi imene wakuba amafikamo. Zisa zikamatidwa ndi phula, uchi wakhwima, ndipo palibe chifukwa chousiyira kutchire. Kufula pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa nyengo kumachepetsa chomwe wakuba angapeze usiku umodzi. Koma mantha asakuchititseni kufula uchi wosakhwima. Uchi wabwino umakhala ndi madzi osapitirira 20 peresenti, ndipo wa m'zisa zosamatidwa umasasa m'botolo, ogula n'kukuthawani. Muzisiyiranso njuchi chakudya chawo.

Kuyendera pafupipafupi kumagwira ntchito yomweyo. Malo amene mwini amafikako kawirikawiri amaoneka: udzu ndi wolambula, njira ndi yopondedwa, mawaya ndi opakidwa girisi. Malo osiyidwa nawo amaoneka. Musamapite tsiku limodzimodzi kapena ola limodzimodzi, ndipo za tsiku lofula musamalengeze pa bawo kapena pamowa. Achinyamata amene ayamba ulimiwu amakonda kujambula ming'oma yawo n'kuika pa Facebook kapena WhatsApp. Kutsatsa uchi n'kwabwino, koma chithunzi choonetsa phiri lodziwika kapena mlatho wapafupi chimalozera njira munthu amene simukumudziwa.

Nkhani ya malo ndi yovuta, ndipo alimi amasiyana maganizo. Ena amati bisani ming'oma m'katikati mwa nkhalango kuti anthu asaione. Ena amati ikani poti maso a anthu azifikapo. Ine ndimaona kuti kubisa kumathandiza kwa odutsa okha. Otola nkhuni, ootcha makala ndi osaka mbewa amaidziwa nkhalango kuposa mwini ming'oma, ndipo malo obisika amapatsa wakuba mtendere woti agwire ntchito mosathamanga. Malo abwino ndi osaonekera kumsewu koma oonekera kwa munthu amene mumamukhulupirira, monga kuseri kwa dimba la m'bale wanu, kapena kufupi ndi nyumba imene agalu ake amauwa usiku. Komabe njuchi zathu n'zaukali. Alangizi amalimbikitsa kuti ming'oma italikirane ndi nyumba, sukulu, njira ndi makola mamita 100 kapena kuposerapo, ndipo mbuzi kapena ng'ombe zisamangiriridwe pafupi, chifukwa chiweto chomangirira sichingathawe njuchi zikalusa. Mpanda wa mitengo yaminga kapena wa khonje umathandiza pawiri: umatchinga anthu ndi ziweto, ndiponso umakakamiza njuchi kuulukira m'mwamba. Ngati muli ndi ming'oma yambiri, igaweni m'malo awiri kapena atatu kuti tsoka la usiku umodzi lisakusiyeni manja lende.

Makolo ankapachika ming'oma ya makungwa ndi ya zipika pamwamba penipeni pa mtengo, ndipo kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kumene kumachokera uchi wambiri wa dzikolo, alimi ambiri amachitabe choncho. Kukwera mtengo usiku njuchi zikuluma si masewera, ndiye kutalikako kunali chitetezo. Ming'oma yamakono ya matabwa, kaya ya timitengo imene inayambira ku Kenya kapena ya mafelemu yotchedwa Langstroth, timaiika pansi kuti tiziitsegula mosavuta. Kusavutako n'kumene wakuba amapezerapo mwayi. Kuipachika ndi waya wolimba pakati pa mitengo iwiri, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi, kumalepheretsa chiuli, pakuti chimasowa popondera mng'oma ukamagwedera. Kwa munthu pamafunika zoonjezera: chitsulo kapena tcheni chozungulira bokosi ndi chivindikiro chake, chokhoma ndi loko. Ena amawotcherera khola la zitsulo lolowamo mng'oma wonse. Ku South Africa, kumene kuba ndi kuononga ming'oma kwasautsa alimi kwambiri, ena anayamba kuumba ming'oma ya simenti, yolemera moti munthu mmodzi sangaisenze ndiponso yosapsa ndi moto. Njira ina ndi nyumba ya njuchi, kanyumba ka njerwa kokhala ndi chitseko chokhoma, ming'oma ili m'kati, njuchi n'kumatulukira pa timabowo ta pakhoma. Kwa munthu mmodzi n'kodula, koma kalabu ikhoza kuumba njerwa n'kumanga.

Loko musamudalire mopitirira. Amachedwetsa wakuba ndi kumuchititsa phokoso, ndipo zimenezo n'zokwanira ngati pali munthu pafupi woti amve. Kutchire kopanda anthu, wakuba wolephera kutsegula amatha kutenga nkhwangwa, mlimi n'kuluza uchi, njuchi ndi bokosi lomwe.

Chizindikiro ndi chinthu chotchipa chimene ambiri timachinyozera. Penti imafufutika. Tenthetsani chitsulo n'kudinda dzina kapena nambala yanu m'thabwa, kunja ndi m'kati momwe, komanso pa timitengo kapena mafelemu. Ikaninso kachizindikiro kobisika kodziwa inu nokha, monga misomali itatu yokhomedwa mwa njira yanuyanu pansi pa bokosi. Lembani m'kope nambala ya mng'oma uliwonse, malo ake ndi tsiku limene njuchi zinalowa, ndipo ujambuleni pa foni. Pabwalo la amfumu kapena ku polisi, mawu akuti "ndikuuzindikira, ndi wanga" salemera ngati kope ndi chithunzi. Ku California lamulo limafuna kuti malo owetera njuchi alembetsedwe ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo, ndipo ku South Africa mlimi wa njuchi amalembetsa ku boma n'kulemba nambala yake pa ming'oma. Alimi akuluakulu a ku America amabisanso tizipangizo ta GPS m'mabokosi ena, timene timatumiza uthenga pa foni mng'oma ukasuntha, ndipo bungwe la California State Beekeepers Association limalonjeza mphotho yofika madola 10,000 kwa wopereka uthenga wothandiza kuti wakuba agwidwe ndi kupezeka wolakwa. GPS ndi makamera zimapindulitsa amene ali ndi ming'oma mazana, pamalo pomwe netiweki imagwira. Kwa mlimi wa ming'oma khumi mtengo wake ukhoza kuposa uchi wa chaka chonse, ndiponso GPS siithandiza pamene wakuba watenga uchi n'kusiya bokosi. Koma nzeru ya mphothoyo ndi yotheka paliponse. Kalabu ikhoza kugwirizana kuti wotulutsa wakuba adzalandira kenakake.

Ena amaika chambu pamtengo wa mng'oma, monga amachitira m'minda. Kaya munthu amakhulupirira kapena ayi, chimene chinkapatsa mphamvu mwambo umenewo n'chakuti mudzi wonse unkadziwa kuti mng'oma uwu uli ndi mwini ndipo kuukhudza n'kulakwira anthu. Kumeneko ndiye kuli chitetezo chenicheni. Nkhanga zinapangana kusanapse. Musanapachike mng'oma woyamba, pitani kwa amfumu mukawadziwitse. Ngati nkhalangoyo ndi ya mudzi, kambiranani ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe, imene lamulo la za nkhalango la mu 1997 limaizindikira, kuti m'malamulo a mudzi mulembedwe chindapusa cha woba kapena kutentha ming'oma. Ngati ndi nkhalango ya boma, pezani chilolezo, monga amachitira makalabu opachika ming'oma m'malo otetezedwa ngati Nyika. Achitetezo a m'mudzi adziwe kumene kuli ming'oma ndi miyezi imene imakhala pangozi. Kenaka, mukafula, kumbukirani anthu oyandikana ndi malowo. Botolo la uchi kwa agogo amene munda wawo wachita malire ndi ming'oma yanu, kapena kwa mnyamata woweta ng'ombe chakomweko, limagula maso amene loko sangakupatseni. Amalume anachita zina zomwe poyamba sindinazimvetse. Anaitana anyamata awiri a m'mudzimo omwe ankadziwika ndi kufula njuchi za m'mapanga ndi m'mphako, n'kuwapatsa mng'oma umodzi umodzi kuti aupachike pamodzi ndi yawo. Kuyambira pamenepo anyamatawo anali ndi chawo choti achilondere kuseri kwa phiri kuja.

Ogula nafenso tili ndi mbali yathu. Uchi wobedwa sudyedwa wonse ndi wakubayo. Umafika pamsika ndi m'mphepete mwa msewu. Nthawi zambiri umadziwika: umanunkha utsi kwambiri, umakhala wamatope chifukwa anaufinya pamodzi ndi ana ndi mungu, umachita thovu, ndipo wogulitsayo amafuna kuutaya msanga pamtengo wotsika. Safunsa anadya phula. Funsani kuti ming'oma yake ili kuti, ali m'kalabu iti. Kulandira katundu ukudziwa kuti ndi wobedwa ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Chimodzimodzinso pogula mng'oma wogwiritsidwa kale ntchito: ngati pali malo opalidwa kapena penti yatsopano pa thabwa lakale, funsani. Mabokosi oyenda mobisa amafalitsanso matenda ndi tizilombo ta njuchi kuchoka dera lina kupita lina.

Pali zinthu ziwiri zimene mkwiyo umatuma anthu kuchita, ndipo ndikupempha kuti tisachite. China ndi kuthira poizoni mu uchi kapena kutchera misampha yovulaza pafupi ndi ming'oma. Amene angadye uchiwo akhoza kukhala mwana wosalakwa wa kumsika, ndipo amene angaponde msamphawo akhoza kukhala mayi wotola nkhuni. China ndi kulanga nokha munthu amene mwamugwira. La fote likamukwanira, m'perekeni kwa amfumu ndi apolisi ali wamoyo ndi wosavulala. Kupanda kutero, mwini ming'oma ndi amene amakagona m'chitolokosi.

Zikakugwerani, m'mawa womwewo jambulani zonse musanasunthe kanthu: mapazi, muuni, waya wodulidwa. Dziwitsani amfumu, apolisi ndi alimi anzanu tsiku lomwelo, chifukwa uchi wobedwa umagulitsidwa msanga ndipo anzanuwo akhoza kukhala otsatira. Mukatero, thamangirani kupulumutsa zotsala. Yang'anani m'nthambi zapafupi, pakuti njuchi zothawa moto zimakonda kuunjikana pamenepo, ndipo ngati zaunjikana mwabata nthawi zambiri mfumukazi imakhala pakati pawo. Zisa za ana zomwe sizinapse kapena kugwidwa ndi linthumbu mukhoza kuzimangirira pa timitengo ndi luzi kapena ulusi n'kuzibwezera m'bokosi, kenaka n'kugwedezeramo gululo ndi kuchepetsa khomo kuti njuchi za ming'oma ina zisadzalande chotsala. Bokosi limene mukukayikira kuti anapoperamo mankhwala musabwezeremo njuchi. Lipaleni, litsukeni bwino, likhale padzuwa masiku ambiri, ndipo zisa zake muzikwirire. Tsiku lija amalume anapeza magulu awiri ali lende pa nthambi za mtengo wa msuku, ndipo onse anakhazikika atawabwezera. Ming'oma inayi yotsalayo tinaipala mwaye, tinapaka phula latsopano pa timitengo, n'kuipachikanso madzulo omwewo.